Momwe mungawonongere pulakitiko ya rula

Aphunzitsi anzanga a sayansi a ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma, pali pulakitiko imodzi imene ikutiopseza tonse, ndipo ndi bwino tichenjezane kudakali m'mawa. Mapulakitiko enawa savuta kuwazemba. Yofuna maikulosikopu timati maikulosikopu kulibe. Yofuna asidi timati asidi anatha chaka chatha, ndipo palibe angatitsutse. Koma iyi yoyeza reaction time, kanthawi kamene kamadutsa kuchokera pomwe diso laona chinthu kufika pomwe dzanja lachitapo kanthu, imangofuna rula, desiki ndi ana awiri. Magetsi safunika, labu sifunika, ndalama ya kwa ahedi sifunikanso. Tikapanda kusamala, ana a pa CDSS ya kumudzi kwenikweni, kumene galimoto imafika mwa apo ndi apo m'dzinja, angathe kupeza nambala yoona, yoyeza okha, yosasiyana ndi imene angapeze anzawo a ku Kamuzu Academy. Zikatero adzayamba kukhulupirira kuti sayansi ndi chinthu chimene munthu amachita ndi manja ake, ndipo manotsi athu adzatsika mtengo.

Mdani timudziwe kaye. Mwana mmodzi amagwira rula kumtunda kwake, ili cholendewera, ziro ali kumunsi. Mnzake amatsamiritsa mkono pa desiki, dzanja litatulukira kunja, chala chamanthu ndi chamkombaphala zitakanuka pang'ono molunjika ziro uja koma osakhudza rula. Wogwirayo amaitaya mosachenjeza, winayo n'kuiwakha, ndipo pomwe zala zagwira amawerengapo masentimita. Popeza chinthu chogwa chimawonjezera liwiro ndi mamita 9.8 pa sekondi m'sekondi iliyonse, mtundawo umasanduka nthawi: usinthireni ku mamita, uchulukitseni kawiri, gawani ndi 9.8, pezani sikweya ruti. Masentimita 10 ndi masekondi 0.14, masentimita 20 ndi 0.20, masentimita 30 ndi pafupifupi 0.25. Yathera pomwepa. Mukuona nokha kuti munthu wofuna kulakwitsa zimenezi ayenera kulimbikira ndithu.

Yambirani posankha rula. Yabwino koposa ndi kaja ka masentimita 15 ka mu mathematical set. Kameneka kamatha konse kudutsa pakati pa zala masekondi 0.18 asanakwane, choncho ana ochuluka adzawakha mphepo, karula kakagwera kunsi kwa desiki, ndipo piriyodi idzathera kukatola. M'kope alembe kuti "walephera." Kakasowa kameneko, pezani ya pulasitiki imene inathyoka n'kulumikizidwa ndi seloteyipi, kapena yamtengo imene manambala ake anatha kuyambira pa ziro mpaka pa 4 chifukwa chotafunidwa. Gulu lililonse lilandire mtundu wakewake, ndipo musatchule zoti marula ambiri ali ndi mbali ziwiri, ya masentimita ndi ya mainchesi. Gulu lina lidzawerenga mainchesi mosadziwa, lidzapeza 8 pomwe anzawo apeza 20, n'kukhala ngwazi za kalasi popanda chachilendo chimene lachita. Aombereni m'manja.

Wina akafunsa ngati mita rula yolemera ija imagwa msanga kuposa ya pulasitiki, vomerani. Galileo analemba kalekale, m'buku lake la 1638, kuti kulemera sikusintha kagwedwe ka chinthu pokhapokha mpweya utalowererapo, ndipo mu 1971 David Scott anagwetsa hamala ndi nthenga ali pa mwezi, zonse n'kufika pansi limodzi. Koma Galileo si insipekita, sadzabwera kudzayendera kalasi yanu.

Zimathandizanso ngati rula yake ili yodziwika kale kwa ana. Ndikunena ija imakhala pa tebulo la aphunzitsi, imene ntchito yake yakhala yogogoda zala za ochedwa ndi olongolola. Unduna wa Zamaphunziro unaletsa kukwapula ana, koma zala siziwerenga makalata a unduna. Mwana akaona rula imeneyi ikutsika kulunjika dzanja lake, dzanjalo lidzathawa lokha. Pamenepo mudzakhala mutayeza changu chenicheni, kungoti cholowera kwina.

Tsopano kagwetsedwe. Pulakitiko yonseyi yatsamira pa chinthu chimodzi, choti wowakha asadziwe nthawi imene rula itayidwe. Ndiye muuzeni. Wogwetsa awerenge mokweza kuti "wani, thu, fili," kalasi yonse ikuvomera, ndipo aziitaya pa "fili" nthawi zonse. Ngati kuwerengako kukuoneka kochititsa manyazi, pali njira zina zaulemu: wogwetsa aziyamba wakoka mpweya, kapena kukweza nsidze, kapena kuseka. Awiriwo akhale mabwenzi a ponda apa nane mpondepo, oti wina akangophethira mnzake wamva kale. Yachidule kuposa zonse ndi yoti mwana adzigwetsere yekha ndi dzanja lamanzere n'kuwakha ndi lamanja. Ubongo wake ukudziwa kale chimene dzanja linalo lichite, ndipo adzagwira pa sentimita 1 kapena 2.

Zotsatira zotere zimakometsa lipoti. Masentimita 2 ndi masekondi 0.06. M'mipikisano yothamanga ya dziko lonse, bungwe la World Athletics limaweruza kuti wothamanga amene wakankha poyambira masekondi 0.1 asanakwane kuchokera pomwe mfuti yalira wanyamuka molakwa. Iwo amati thupi la munthu silingamve mfuti n'kusuntha mwendo m'kanthawi kochepa chotero, ndiye amene watero wangolota. Pa rula, masekondi 0.1 ndi masentimita 5. Usain Bolt, tsiku limene anathamanga mamita 100 m'masekondi 9.58 ku Berlin mu 2009, ananyamuka patapita masekondi 0.146, omwe pa rula ndi masentimita 10 ndi kakuti. Choncho mnyamata wanu wa Fomu 3 akawakha pa masentimita 2, musamukayikire. Lembani kuti ku Nsaru kwapezeka munthu woposa Bolt kawiri, ndipo ahedi alengeze pa asembule. Bolt mwiniyo anachotsedwa mu fainolo ya ku Daegu mu 2011 chifukwa chonyamuka mfuti isanalire. Kumeneko ndi ouma mtima. Ife kuno timalimbikitsa ana.

Mkono wa wowakha usatsamire pa desiki. Ukhale m'malere, kuti rula ikamagwa dzanja lizitsika nayo. Mwana wochenjera atha kuilondola mpaka m'mawondo n'kuigwira pa masentimita 6. Kukanuka kwa zala musakuyeze: wina atambasule dzanja lonse, wina asiye kampata kongokwana rula. Ndi bwinonso kuti kwa ena zala zizikhudza rula pang'ono, chifukwa khungu limamva kutsetsereka kwake diso lisanamalize ntchito yake. Uthenga wa kukhudza, monganso wa khutu, umayankhidwa msanga kuposa wa maso. Mukatero mudzakhala mukuyeza khungu kwa ana ena ndi maso kwa ena, zonse n'kulowa mu tebulo limodzi. Powerenga, lero werengani pamwamba pa chala, mawa kunsi kwake. Chala chamanthu cha mnyamata wogwira khasu chitha kukwana masentimita 2 m'lifupi, ndipo amenewo ndi okwanira kusintha wopambana.

Alipo aphunzitsi ena amene amaona kuti rula yokha ndi yachimidzi, ndipo amatulutsa foni kuti nthawi iyezedwe ndi sitopuwotchi. Amenewa ndi akatswiri pa ntchito yathuyi, tiwapatse ulemu wawo. Mwana wachitatu amaima pambali, n'kudina foni akaona rula ikuyamba kugwa, n'kudinanso akaona kuti yagwidwa. Rula imagwa kwa masekondi pafupifupi 0.2. Wodinayo nayenso amafuna masekondi pafupifupi 0.2 kuti aone ndi kudina, ndiye kuti pomwe iye akuyambitsa wotchi, rula ili kale m'manja mwa mnzake. Nambala imene ituluke ikungosonyeza liwiro limene chala chake chingadine kawiri motsatizana. Koma imaoneka yaulemu, ili pa sikirini, ndipo chochokera mu foni palibe amachitsutsa.

Vuto la woyeza wochedwa si latsopano, ndipo akuluakulu anatisiyira kale njira yothana nalo. Mu 1796 ku Greenwich, m'dziko la England, mkulu wa akatswiri a nyenyezi, Nevil Maskelyne, anaona kuti womuthandiza wake, David Kinnebrook, ankalemba nthawi imene nyenyezi yadutsa pa kaulusi ka mu telesikopu mochedwa ndi masekondi pafupifupi 0.8 poyerekeza ndi iye. Anamuchotsa ntchito. Patapita zaka pafupifupi 20, Friedrich Bessel wa ku Königsberg anawerenga nkhaniyi, nayamba kudziyerekeza ndi akatswiri anzake, n'kupeza kuti aliyense ali ndi kachedwedwe kakekake, ndi mabwana omwe. Kuyambira pamenepo anthu a sayansi anavomereza kuti woyeza nayenso ayenera kuyezedwa. Inu tsanzirani Maskelyne. Nambala ya mwana ikasiyana ndi yanu, wolakwa ndi mwana. Bessel anali ndi nthawi yotaya, analibe silabasi yoti amalize.

Mwana aliyense ayese kamodzi basi. Kubwereza kakhumi n'kupeza avareji ndi khalidwe la anthu osadzidalira. Asiyeni a ku Chitedze, paja pa msewu wa ku Mchinji, azibzala mbewu imodzi ya mtedza m'timinda tambirimbiri, chaka ndi chaka, asanauze mlimi kuti mbewuyo ndi yabwino. Kubwerezabwereza kotero n'komwe kunatipatsa mtedza wa CG7, inde, koma iwowo amalandira malipiro kuti azikayika. M'kalasi kuwakha kamodzi kumakwana, chifukwa m'kamodziko muli mwayi, kuphethira, ntchentche ndi mfuu ya mnzake wa kumbuyo, zonse pamodzi, zosasefa.

Mukakakamizika kubwereza, bwerezani mokondera. Munthu akamayesayesa amazolowera, ndipo nambala zake zimatsika, makamaka m'maulendo oyambirira. Choncho anyamata aja amalanda rula belu lisanalire n'kumaseweretsa pa buleki ayese kakhumi, ndipo mulembe nambala yabwino koposa ya aliyense. Atsikana aitanidwe kutatsala mphindi zisanu, aliyense kamodzi, kalasi yonse ikuwakuwiza. Kenako lembani pa bolodi ndi choko chofiira kuti sayansi yatsimikiza kuti anyamata ndi achangu kuposa atsikana. Poyerekeza manja chitaninso chomwecho: lamanzere liziyamba nthawi zonse, mwana asanazolowere, lamanja lizimalizira. Nthawi ikachepa, sankhani mnyamata mmodzi ndi mtsikana mmodzi kuti aimire amuna ndi akazi onse a m'Malawi muno.

Musafunse kalikonse za mwana amene waima patsogolo panu. Mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikapepuka, m'kalasi imodzi mumakhala amene wamwa tiyi ndi sikono ndi amene sanalawe kanthu chidyereni nsima ya dzulo masana. Muli amene wagona usiku wonse ndi amene wachezera m'chigafa kusoka fodya, amene wabwera pa njinga ndi amene wanyamuka wapansi kudakali mdima n'kuwoloka dambo, komanso wina amene malungo angomusiya kumene. Kusowa tulo, kutopa ndi matenda zimachedwetsa dzanja, ndipo zimenezi zinayezedwa kale. Mphunzitsi wosadzisamala angaone apa pulakitiko yachiwiri yokoma kwambiri: kuyeza mwana yemweyo m'mawa ndi masana, atapuma ndi atazungulira bwalo la mpira, kuli zii ndi pamene wina akumulankhulitsa, n'kumasintha chinthu chimodzi chokha pa ulendo uliwonse. Inu sinthani zonse nthawi imodzi. Fomu 3A iyese 7:30 m'mawa m'kalasi, Fomu 3B iyese 1 koloko masana pansi pa mtengo mphepo ikukuntha, ndipo kusiyana kumene kupezeke mukukankhire ku mudzi umene anawo amachokera. A ku Kabudula ndi ozizira, a ku Nambuma ndi ochangamuka. Mawu otere sachedwa kufika kumsika.

Mwana amene rula ikumudutsa ulendo uliwonse, amenenso amatsinzinira poyang'ana pa bolodi ndi kukopera manotsi kwa mnzake, musamuganizire za maso, kapena kuitana makolo kuti akamupimitse. Mpatseni dzina. La Nanzikambe limagwira msanga ndipo limakhalitsa mpaka Fomu 4.

Popeza manambala alipo, asenzetseni katundu woposa mphamvu zawo. Nenani kuti wowakha msanga ndiye wanzeru. Simukhala oyamba. M'zaka za m'ma 1880 Francis Galton anayeza anthu zikwizikwi ku London, mphamvu ya dzanja, maso, makutu ndi changu, pokhulupirira kuti nzeru za munthu zimaonekera m'zimenezi. Mu 1901 Clark Wissler anatenga miyeso yofanana nayo ya ophunzira a pa yunivesite ya Columbia ku America n'kuiyerekeza ndi malikisi awo a m'kalasi, ndipo anapeza kuti changu cha dzanja ndi malikisi sizinkayendera limodzi. Mbali yachiwiriyi musaitchule. Goloboyi wa timu ya sukulu, amene amawakha pa masentimita 11 koma masamu amapeza giredi 9, nayenso akhaleko ndi tsiku lake.

Pofotokoza zimene zikuchitika m'thupi, sakanizani pulakitikoyi ndi reflex action. Zonse zili m'mutu umodzi wa Biology, palibe adzadandaule. Zoona zake, zimene simuyenera kunena, ndi izi. Dokotala wa ku St Gabriel's ku Namitete kapena wa pa chipatala cha Kabudula akagogoda kunsi kwa bondo ndi kahamala ka labala, mwendo umadumpha wokha, chifukwa uthenga umangofika mu mtsempha wa mumsana n'kubwerera pomwepo, ubongo usanafunsidwe. Kuwakha rula ndi ulendo wautali. Kuwala kumalowa m'diso, diso limakusandutsa uthenga, uthengawo umapita chakunkhongo kwa ubongo kumene kuona kumachitikira, ubongo umazindikira kuti rula yasuntha, mbali yolamula minofu imatumiza lamulo kudzera mumsana mpaka ku mkono, ndipo minofu ya mkono imakoka zala. Paliponse pamene mtsempha ukupatsira unzake pamatayika kanthawi. N'chifukwa chake bondo limayankha msanga kwambiri kuposa dzanja lowakha rula, ndipo n'chifukwa chakenso kuwakha kumaphunzirika.

Mukhozanso kuuza ana kuti uthenga wa m'mitsempha umafika pompopompo, monga magetsi amachitira mu waya. Akatswiri ambiri ankaganiza choncho mpaka cha mu 1850, pomwe Hermann von Helmholtz anayeza mtsempha wa mwendo wa chule n'kupeza mamita pafupifupi 30 pa sekondi. M'thupi la munthu mitsempha yothamanga koposa imafika mamita pafupifupi 120 pa sekondi, pomwe ina imakwawa pa mita imodzi kapena kuchepera apo. Mwana wodziwa zimenezi angawerengere yekha kuti kuchokera kumutu kufika ku chala, mtunda wa pafupifupi mita imodzi, lamulo limatenga masekondi ngati 0.02 okha, n'kuyamba kufunsa kuti nanga nthawi yotsalayo ikuthera kuti. Funso limenelo lingadye piriyodi yonse, ndipo mwina lingadzamufikitse ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS. Lipeweni.

Pa masamu ndiye pali phwando. Aulesi asasandutse n'komwe mtunda kukhala nthawi, angolemba kuti "reaction time = 18 cm." Akhama aiwale kusintha masentimita kukhala mamita. Ikani 20 m'malo mwa 0.20 ndipo kakyuleta ikupatsani masekondi 2.02. Aliyense anaona ndi maso ake kuti rula inagwidwa m'kuphethira kwa diso, ndipo m'masekondi awiri chinthu chimagwa mamita pafupifupi 20, koma musalole maso kutsutsana ndi kakyuleta. Palinso simple proportion, imene ana amaikonda chichokereni ku pulayimale: ngati masentimita 10 ndi masekondi 0.14, ndiye kuti 20 ndi 0.28. Rula imanyamuka pang'onopang'ono n'kumawonjezera liwiro, kotero kuti mtunda uyenera kuchuluka kanayi kuti nthawi ichuluke kawiri, ndipo 0.28 ndi masentimita pafupifupi 40. Girafu yoona ya mtunda ndi nthawi imakhota. Inu uzani ana aiwongole ndi rula yomweyo. Akamaliza, akopere manambala onse amene kakyuleta yalavula: 0.2020305089. Chala cha masentimita 2 m'lifupi chayeza nthawi mpaka pa gawo limodzi la magawo mabiliyoni 10 a sekondi, ndipo palibe labu ya mumzinda wa Lilongwe imene ingafikepo.

Tebulo likadzaza, liyeretseni. Buku likuti munthu wamba amatenga masekondi pafupifupi 0.2, ndiye nambala iliyonse yotalikirana ndi imeneyo ifufutidwe n'kulembedwanso, popanda kutchula chifukwa. Mphunzitsi wa chikumbumtima amaisiya pomwepo nambala yodabwitsayo, n'kulemba pambali kuti mwana anayetsemula kapena analota, kenako n'kubwereza. Zimenezo zimadetsa kope. Kope labwino ndi limene magulu onse apeza 0.20, ndipo njira yosavuta yofikira pamenepo ndi yoti gulu limodzi lichite, enawo akopere. Ana athu njira imeneyi si yachilendo kwa iwo. Amaiona m'misika nthawi yokolola, pamene thumba la soya limene kunyumba linali makilogalamu 50 limapepuka likangokolowekedwa pa sikelo ya venda: woyeza wadziwiratu yankho limene akufuna, sikelo ikungovomereza. A Malawi Bureau of Standards amalanda masikelo otere akawapeza. Makope a pulakitiko sawayendera.

Chimene muyenera kupewa kuposa zonse ndi kulola kuti pulakitikoyi ituluke m'kalasi. Msewu wa M12 wochokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji umadutsa pa Mpingu, pa Msundwe ndi pa Namitete. Ana athu amauwoloka tsiku ndi tsiku, ena amakwera kabaza, ena chaka chamawa adzakhala akuyendetsa kabazayo okha. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadya mamita 22 pa sekondi iliyonse. Njinga yamoto ya pa 40 imadya mamita 11. Mwana akaphatikiza nambala zimenezi ndi ya rula yake adzapeza kuti ngakhale dalaivala watcheru, amene akudikira chinthu chimodzi chokha ndipo akudziwa kuti chikubwera, amapita mamita oposa 4 phazi lisanasunthe. Komatu pamsewu palibe amakuimika n'kukuuza kuti konzeka. Mu 1868 Franciscus Donders wa ku Netherlands anasonyeza kuti munthu akamafunika kusankha, kuti chaonekachi n'chiyani ndipo achite chiti, nthawi imatalika. Dalaivala ayenera kuzindikira kaye kuti chakuda chija ndi mbuzi, ngolo kapena mwana, asankhe buleki, hutala kapena chiwongolero, kenako phazi lichoke pa mafuta lipite pa buleki. Akatswiri okonza misewu ku America amawerengera masekondi 2.5 pa zonsezi. Pa makilomita 80 pa ola, amenewo ndi mamita oposa 55 buleki isanagwire n'komwe, ndipo galimoto ikadali ndi mtunda wina woti ikwekwerezeke isanaime. Mowa, tulo ndi foni zimabwera kudzawonjezera pamenepo.

Mwana amene wamvetsa izi amakhala wovuta kukhala naye. Amauza wakabaza kuti aike foni m'thumba. Amakana kukwera kwa amene akununkha kachasu pa tsiku la msika. Amayamba wayeza ndi maso mtunda wa lole asanawoloke, ndipo amatsutsa amalume ake akamadzitama kuti iwo botolo limodzi limawatsegula m'maso. Angathe ngakhale kuwapempha amalumewo kuti awakhe rula asanamwe ndi atamwa, iye akulemba m'kope. Makolo adzabwera kudzafunsa ngati kusukulu kuno mwayamba kuphunzitsa mwano. Dzitchinjirizeni kusanade: nenani kuti reaction time ndi nkhani ya Biology, liwiro ndi nkhani ya Physics, ndipo aphunzitsi a maphunziro awiriwa sakumana.

Kwa amene akuona kuti zonsezi n'zotopetsa, ilipo njira imene sinalepherepo. Musagwetse rula n'komwe. Jambulani pa bolodi dzanja ndi rula, kamuvi koloza pansi, tebulo lodzaza kale ndi zotsatira, ndi conclusion, ndipo ana akopere mwaukhondo, osaiwala deti. A Malawi Institute of Education ku Domasi akhala akulalikira TALULAR, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalo pomwepo, ndipo ku maphunziro a SMASSE amatiuza kuti ana azigwira okha ndi manja. Gwedezani mutu, sainirani alawansi, ndipo mukabwerera nenani kuti pasukulu pano palibe labu. Ana adzagwira chipangizo koyamba tsiku la pulakitiko ya MSCE, woyang'anira mayeso a MANEB ali chilili pambali, ndipo zimene zidzachitike m'chipindamo inu simudzaziona. Wina akadzatulutsa rula yake m'chikwama pakati pa phunziro n'kufunsa kuti, "Sala, bwanji tingoyesa?" muuzeni kuti nthawi yatha, ndipo mumulande rulayo mpaka tsiku lotsekera.